Delesi loyera linachokera kuti?

Abale ndi alongo, m'midzi mwathu muli anyamata ndi atsikana amene akhala pachitomero zaka zitatu kapena zinayi. Muli mabanja amene abereka ana ndi kuwaphunzitsa, koma sanadalitse ukwati wao. Tikawafunsa amati ndalama za delesi loyera, keke ndi galimoto sizinakwane. Ena amagulitsa ng'ombe yolimira, ena amatenga kaloba, ndipo banja limayamba ndi nkhongole. Lero tiyeni tione kumene zinthu zimenezi zinachokera.

Tiyambe ndi delesi. Pa 10 February 1840, mfumukazi Victoria ya ku England inakwatiwa ndi Albert mu mzinda wa London, itavala delesi loyera la silika. Keke ya tsiku limenelo inalemera makilogalamu oposa 130. Kufikira nthawi imeneyo, akwatibwi ambiri a ku Ulaya ankangovala chovala chao chabwino koposa, kaya chofiirira, chobiriwira kapena chakuda, ndipo ankachivalanso pa masiku ena aakulu. Nsalu yoyera inali yovuta kusamala, motero inkaonetsa chuma. Zithunzi za mfumukaziyo zitafalikira, olemera anatengera, ndipo m'kupita kwa zaka osauka anatsatira. Pamene amishoni a Dutch Reformed anafika ku Magwero pafupi ndi Chipata mu 1899, chizolowezi chimenechi chinali ndi zaka zosakwana 60.

Ku maiko ena mtundu wa nsalu umalankhula zina. Ku China ndiponso pakati pa Ahindu ambiri a ku India, mkwatibwi amavala zofiira, chifukwa zoyera mwamwambo ndi za pamaliro. Choncho mtundu wa chovala ndi mwambo wa dziko chabe.

Nanga mpingo unkafuna chiyani? Kwa zaka mazana ambiri Akhristu ankakwatirana kunyumba motsata mwambo wa kwao, ndipo dalitso la wansembe linali chinthu chabwino koma chosakakamiza. Ngakhale mphete anaitengera kwa Aroma, amene poyamba ankaisula ndi chitsulo wamba. Mu 866 anthu a ku Bulgaria, amene anali atangotembenuka mtima, anafunsa Papa Nicholas Woyamba za ukwati. M'kalata yake anawafotokozera za mphete, nsalu yofunda kumutu ndi nkhata za akwati, koma anawauza kuti kusachita zonsezi si tchimo, popeza ambiri umphawi umawalepheretsa. Chimene sichingasowe, iye anati, ndi kuvomerezana kwa mwamuna ndi mkazi.

Malamulo amene anabwera pambuyo pake anali othetsa vuto lina, la maukwati obisa. Mwamuna ankalonjeza mtsikana kumbali, kenaka n'kumukana ali ndi pathupi, popanda mboni yomutsutsa. N'chifukwa chake msonkhano wa mabishopu wa ku Lateran mu 1215 unalamula kuti ukwati uzilengezedwa m'tchalitchi usanachitike, kuti wodziwa chopinga anene. Msonkhano wa ku Trent mu 1563 unati ukwati wa Akatolika uzichitika pamaso pa wansembe ndi mboni ziwiri kapena zitatu. Ku England lamulo lofanana nalo linakhazikitsidwa mu 1753. M'malamulo onsewa mulibe delesi, mulibe keke. Muli kuvomerezana, mboni, ndi kuchita zinthu poyera.

Apa tikuona kuti makolo athu sanali kutali. Mwa Achewa, ukwati wopanda ankhoswe unkatengedwa ngati chibwenzi chabe. Ankhoswe a kuchimuna ndi a kuchikazi ndiwo ankaumanga, ndipo zikavuta m'nyumba ndiwo ankaitanidwa, ngakhale usiku. Mkamwini ankamanga nyumba kwa apongozi ndi kulima kumeneko, mudzi wonse ukuona khalidwe lake. Mwa Angoni a Mpezeni, ng'ombe za malowolo zinkayenda masana kuchoka m'khola lina kulowa m'khola lina, ndipo palibe amene akanakana kuti mabanja awiriwo alumikizana. Chimene mabishopu a ku Ulaya ankafuna polemba malamulo ao, agogo athu anali nacho kale: ukwati wodziwika, wokhala ndi anthu ouyang'anira.

Sitikunena kuti delesi loyera ndi loipa. Amene angathe avale, tidzavina nao ndi kululutira. Koma akulu anati chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Phwando limatha dzuwa likalowa, pomwe wa kaloba amafika mwezi uliwonse.

Inu makolo, musawerengere ana anu mndandanda umene ngakhale mpingo sunaulembe. Inu amene mwakhala zaka zambiri mukuchita manyazi, itanani ankhoswe anu, pitani mukaonane ndi atsogoleri a mpingo wanu sabata ino. Chitenje chochapa bwino ndi malaya ositidwa n'zokwanira kuimirira nazo pamaso pa Mulungu ndi pamaso pa anthu. Ambuye adalitse mabanja athu onse.