Mbiri ya Kachilombo ka FIV Pakati pa Amphaka Oyendayenda

Kachilombo kofooketsa chitetezo cha m'thupi mwa amphaka, kamene kamatchedwa FIV mwachidule, kanadziwika mu 1986 pamene Niels Pedersen ndi Janet Yamamoto a pa yunivesite ya California ku Davis anayeza magazi a amphaka a pakhomo lina la ku Petaluma, pomwe pankasungidwa amphaka ambiri otoledwa m'misewu. Amphakawo ankaonda, kutsegula m'mimba ndi kutuluka zilonda m'kamwa, komabe sanapezeke ndi FeLV, kachilombo koyambitsa khansa ya m'magazi kamene William Jarrett anatulukira ku Glasgow mu 1964. Zotsatira za kafukufukuyo zinasindikizidwa m'magazini ya Science mu 1987, anthu ali ndi mantha aakulu ndi Edzi, ndipo manthawo anagweranso amphaka ngakhale kuti FIV sikagwira munthu.

Kachilomboka kamakhala m'malovu ndipo kamalowa makamaka kudzera m'bala lakuya lolumidwa, n'chifukwa chake kamapezeka kwambiri mwa amphaka aamuna osathenedwa amene amagona kunja n'kumalimbirana malo komanso amphaka aakazi. Kakalowa, kamawononga pang'onopang'ono maselo oyera a magazi otchedwa CD4, amene amatsogolera thupi polimbana ndi matenda, ndipo nthenda ikakula maselo ofiira nawonso amachepa, moti dokotala wa ziweto akatukula mlomo wa mphaka amapeza nkhama zayera, zina zitatupa m'mphepete mwa mano.

M'zaka zoyambirira, malo ambiri osungirako ziweto zosowa eniake ankapha mphaka aliyense wopezeka ndi kachilomboka, mchitidwe umene unatayitsa miyoyo yambiri pachabe, chifukwa pambuyo pake zinaoneka kuti mphaka wotere akathenedwa, kudyetsedwa bwino ndi kusungidwa m'nyumba, amatha kukhala zaka zambiri ali wathanzi. Katemera amene anavomerezedwa ku America mu 2002 anabweretsa vuto lina: njira zoyezera magazi za nthawiyo zinkalephera kusiyanitsa mphaka wobayidwa katemera ndi wodwaladi, choncho mphaka wakatemera akasochera n'kutoledwa ankatha kuphedwa molakwika. Katemerayu anadzasiya kugulitsidwa ku North America, ndipo madokotala a ziweto kumeneko tsopano amadalira kuthena amphaka oyendayenda, poti mphaka wothenedwa ndewu zimamuchepera.