Ciwongo ca Jere ndi Ulendo wa Zwangendaba

Aphunzitsi anzanga, pamene tilemba maina a ana m'buku la sukulu, kawirikawiri tingofunsa dzina la mwana ndi la atate wace, ndipo ciwongo ticisiya. Potero titaya mbiri imene makolo anaisunga popanda pepala. Tiyeni tione ciwongo cimodzi, ca Jere.

Kholo limene linabwera naco kuno ndilo Zwangendaba, wa banja la Jele, amene anali nduna ya nkhondo ya Zwide, mfumu ya Andwandwe. Shaka atagonjetsa Zwide ca m'ma 1819, Zwangendaba anathawira kumpoto ndi anthu ace. Anapyola dziko la Athonga ndi la Akaranga, naoloka Zambezi pafupi ndi Zumbo m'mwezi wa November 1835. Nthawiyo tiidziwa bwino cifukwa akulu anakumbukira kuti tsiku lakuoloka dzuwa linada usana, ndipo akatswiri a zakuthambo atsimikiza kuti kadamsana anaonekadi mwezi umenewo.

Zwangendaba anafera ku Mapupo, m'dziko la Afipa, ndipo ana ace anapatukana. M'mbelwa anakhazikika ku Mzimba. Mpezeni anazungulira nthawi yaitali kufikira anamanga midzi yace m'dera limene Azungu analicha Fort Jameson, ndilo Chipata lero. Anagonja kwa Azungu mu 1898, namwalira mu 1900. Cifukwa cace Ajere a ku Malawi ndi a kuno ali mbumba imodzi, ngakhale malire awalekanitsa.

Koma si Mngoni ali yense ali Jere. Anthu ogwidwa pa njira analowa m'mtundu wa Angoni osataya ziwongo zao. Moyo ndi Soko atikumbutsa za Akaranga. Tembo, Sakala, Mumba ndi Lungu atikumbutsa za Ansenga, amene akazi ao anaphunzitsa ana a Angoni cinenero cimene acilankhula kufikira lero. Motero maina a m'kalasi limodzi angathe kuonetsa njira yonse ya ulendowo.

Tsono mutume ana akafunse agogo ao mafunso atatu: ciwongo cathu nciani, tinacilandira kwa atate kapena kwa amai, ndipo woyamba kufika naco pamudzi pano anacokera kuti? Funso laciwiri nlofunika, pakuti Angoni atsata atate, pamene mwambo wa Ansenga utsata amai. Mayankho muwalembe m'buku lapadera nkhalambazo zikali moyo, popeza zikapita sipadzakhala wina womfunsa.