Kodi kukulunga khanda pogona kunayambira kuti?

Funso: Kodi mwambo wokulunga khanda m'nsalu unayambira kuti, nanga anauyambitsa ndani?

Yankho: Mwambowu ulibe mwini mmodzi, ndipo ndi wakale kwambiri. Pa chilumba cha Cyprus anafukulapo tizifanizo tadothi ta makanda okulungidwa pa kathabwa, toumbidwa zaka pafupifupi 4,000 zapitazo. Baibulo nalonso limautchula. Buku la Ezekieli, mutu 16, limaonetsa zomwe ankachitira mwana wongobadwa kumene: kumudula mchombo, kumusambitsa, kumupaka mchere ndi kumukulunga. Uthenga wa Luka umanenanso kuti Yesu atabadwa anakulungidwa m'nsalu.

Amene anafotokoza mwatsatanetsatane ndi Soranus wa ku Ephesus, sing'anga yemwe ankagwira ntchito ku Rome m'zaka za m'ma 100. Iye ankalangiza azamba kuti azigwiritsa ntchito timalamba tansalu taubweya tofewa. Mzamba ankayamba ndi dzanja limodzi, kulizenga kuchokera ku zala, kenako linalo, kenako mwendo uliwonse pawokha, n'kutsiriza ndi thupi lonse. Pakapita masiku 40 kapena 60 ankayamba kumasula pang'onopang'ono, ndipo dzanja loyamba kumasulidwa linali lamanja, poopa kuti mwana angakhale wamanzere.

Apa pakuoneka kuti cholinga chachikulu cha akalewo sichinali tulo ayi. Iwo ankakhulupirira kuti thupi la khanda lili ngati dothi lonyowa loumbira mbiya, loti likapanda kuwongoledwa lidzauma lokhota. N'chifukwa chake ankamanga miyendo yowongoka, yogundana, mwana n'kuoneka ngati mtolo wa nkhuni. Mpaka lero pa khoma la Ospedale degli Innocenti, nyumba yakale yosungira ana otayidwa mumzinda wa Florence ku Italy, pali zithunzi zoumba za makanda ozengedwa motero.

Funso: Ngati unali wofala chonchi, unatha bwanji ku Ulaya, nanga wabwereranso bwanji?

Yankho: Unatha chifukwa cha nkhanza ndi uve zomwe zinkabisala m'nsalumo. Kumasula ndi kumanganso timalamba tija kunkadya nthawi, choncho olera ena ankasiya mwana m'mikodzo ndi m'chimbudzi kwa maola ambiri, khungu n'kuchita zilonda. Mu 1748 dokotala wa ku Britain, William Cadogan, analemba kabuku kodzudzula mchitidwewu, ndipo mu 1762 Jean-Jacques Rousseau anaudzudzulanso m'buku lake lotchedwa Émile. Pofika kumapeto kwa zaka za m'ma 1700 mabanja ambiri ku England anali atausiya, koma unapitirira ku Russia, Turkey, Mongolia ndi m'maiko a Aluya.

Kubwerera kwake n'kwaposachedwa. Madokotala atayamba kulangiza kuti makanda azigona chagada, makolo anaona kuti ana awo akudzukadzuka usiku, ndipo anakumbukira nsalu ija. Buku la dokotala wa ana wa ku America, Harvey Karp, la mu 2002 linathandiza kuufalitsanso, koma tsopano ngati njira yotonthozera mwana, osati yomuwongolera.

Funso: Chimachititsa n'chiyani kuti khanda lokulungidwa ligone nthawi yaitali?

Yankho: Aliyense amene anayang'anitsitsa khanda lili m'tulo anaonapo izi: chitseko chikangomenyetseka, kapena mayi akaligoneka mofulumira pamphasa, limadzidzimuka, kutambasula timanja ndi zala zonse ngati likugwa, kenako n'kutikokera pachifuwa n'kuyamba kulira. Kudzidzimuka kumeneku mwana amabadwa nako. Anakufotokoza mu 1918 ndi dokotala wa ana Ernst Moro, ndipo achipatala amakutchula ndi dzina lake. Kumazilala kokha mwana akafika miyezi inayi mpaka isanu ndi umodzi.

Nsalu ikagwira mikono mofatsa, mwana akadzidzimuka sadziwomba kumaso, ndiye tulo timapitirira. Kufunda ndi kupanikizika pang'onoko kumafanananso ndi momwe ankakhalira m'mimba, momwe munalibe malo otambasukira. Nzeru yomweyi ndi yomwe agogo amagwiritsa ntchito m'chikuta akamafungatira mdzukulu m'chitenje kapena m'shawelo.

Funso: Kodi pali choopsa chilichonse?

Yankho: Chilipo, ndipo chachikulu chili m'chiuno. Mwana akamabadwa, mphako ya m'chiuno momwe mumalowa mutu wa fupa la ntchafu imakhala yosaya ndi yofewa. Imazama bwino pokhapokha miyendo ikakhala yopindika ndi yotang'adza, monga amakhalira chule. Miyendo ikawongoledwa mokakamiza n'kumangidwa pamodzi, fupalo limakankhidwira kunja, ndipo likhoza kuguluka m'malo mwake. Mwana sasonyeza ululu, vuto limadzaoneka akayamba kuyenda motsimphina. Chomvetsa chisoni n'chakuti akale aja ankayambitsa chilema chomwe ankafuna kupewacho.

Umboni wake ndi wochuluka. Pakati pa anthu a mtundu wa Navajo ku America, omwe ankamangirira makanda pa thabwa, vutoli linkapezeka kwambiri. Ku Japan, komwe ankakulunga miyendo yowongoka, anayamba kampeni ya dziko lonse mu 1975 yophunzitsa makolo kuti asiye, ndipo ana oguluka m'chiuno anachepa kuchoka pa oposa mmodzi mwa ana 100 alionse kufika pa awiri mwa ana 1,000.

Kuno ku Malawi nkhani ndi yosiyana. Madokotala a mafupa pa chipatala cha Beit CURE ku Blantyre anaunika mbiri ya ana oposa 40,000 omwe anathandizidwa kumeneko m'zaka khumi, ndipo m'lipoti lawo la mu 2015 ananena kuti sanapezepo khanda lobwera ndi vuto lotereli. Iwo analoza ku mbereko. Mayi akawerama, n'kuponya mwana kumsana, n'kumanga chitenje pachifuwa, miyendo ya mwanayo imakumbatira nthiti za mayi ili yotang'adza, mawondo ali m'mwamba, momwe chiuno chimafunira ndendende. Ndi chuma chosayenera kutayidwa chifukwa chotengeka ndi zithunzi za pa intaneti za makanda omangidwa ngati ndudu. Wokulunga mwana agwire mikono ndi chifuwa, pansipa asiye nsalu yotayirira kuti miyendo izipinda ndi kupalasa. Pachifuwa pazitha kulowa zala ziwiri kapena zitatu.

Choopsa china ndi kutentha. Chizolowezi choveka khanda chisoti, juzi, shawelo ndi bulangete pamwamba, ngakhale mu Okutobala, chimachokera pa chikondi, koma mwana wotenthedwa kwambiri amakhala pachiopsezo cha imfa yadzidzidzi ya m'tulo. Kuzizira kwa timanja sikunena zoona. Gwirani pachifuwa kapena kumbuyo kwa khosi, ndipo pakakhala thukuta chotsaniko chovala. Nsalu isafike kumaso. Mwana wokulungidwa agone chagada nthawi zonse, chifukwa akagona chafufumimba alibe manja odzitukulira kuti apume. Pa chifukwa chomwechi, bungwe la madokotala a ana la American Academy of Pediatrics limalangiza kusiyiratu kukulunga mwana akangoyamba kuyesa kugudubuka, zomwe zimachitika pa miyezi itatu kapena inayi, mwinanso asanafike pamenepo.

Funso: Nanga timatumba togonamo makanda tomwe tikuoneka m'masitolo ndi pa kaunjika tinachokera kuti?

Yankho: Kathumbaka ndi chovala chokhala ndi pakhosi ndi potulukira mikono, chotsekedwa kumapazi, chokhala ndi zipi kapena mabatani. Mabanja a ku Netherlands, Germany ndi France akhala akukagwiritsa ntchito kwa zaka zambiri, koma kanatchuka padziko lonse chifukwa cha nkhondo yolimbana ndi imfa za makanda m'tulo. Mu 1987 dokotala wa ku Netherlands, Guus de Jonge, anachenjeza kuti kugoneka ana chafufumimba ndi kumene kukuchulukitsa imfazi. Britain inayamba kampeni yogoneka ana chagada mu 1991, America mu 1994, ndipo imfa zinatsika ndi theka kapena kuposa.

Panatsala vuto la zofunda. Khanda likamapalasa limatha kulowa pansi pa bulangete, nkhope n'kuphimbika. Kafukufuku wina wa ku Netherlands wa mu 1998 anapeza kuti ana ogona m'kathumba kathonje anali pa chiopsezo chochepa, mwa zina chifukwa sankatembenukira chafufumimba msanga. Kuchokera apo malonda ake anakula, ndi maina monga Grobag ku Britain ndi Halo ku America.

Kusiyana kwake ndi nsalu yokulungira n'kwakuti mikono imakhala panja, choncho kamayenera mwana amene wayamba kugudubuka, ndipo miyendo imakhala ndi malo. Kafunika kakhale kolingana ndi msinkhu: pakhosi pakakula, mutu ukhoza kuloweramo. Timatumba tolemera, toikidwa mikanda kapena zina zopsinja pachifuwa, madokotala amatiletsa.

Pa kachikwangwani ka kathumbako pamalembedwa nambala ndi liwu lakuti tog, muyeso wa kufunda kwa nsalu womwe anaukonza ku Shirley Institute mumzinda wa Manchester m'zaka za m'ma 1940. Ka 2.5 tog anakapangira chipinda cha madigiri 16 mpaka 20, ngati usiku wa mu Juni ku Dedza kapena ku Mzimba. Ka 0.5 tog n'ka chipinda cha madigiri 24 kupita m'tsogolo. Tambiri tofika pa kaunjika tinasokedwera nyengo yachisanu ya ku Ulaya, ndiye ku Nsanje kapena ku Chikwawa nthawi yotentha n'tosayenera. Kumeneko thewera ndi kamalaya kopyapyala n'zokwanira, mwana ali chagada pamalo osawirira, m'kati mwa neti yoteteza ku udzudzu.