Chiyambi ndi Matanthauzo a Liwu Loti Boma Kumwera kwa Lilongwe

Liwu loti boma, limene munthu wa ku Nathenje kapena ku Mitundu amalitchula tsiku ndi tsiku osaganiza n'komwe kuti ndi lobwera, lili ndi matanthauzo atatu m'Chichewa cha lero. Limatanthauza ulamuliro wa dziko, monga ponena kuti sukulu ya boma. Limatanthauzanso dera limene amaliyang'anira DC, monga boma la Lilongwe, lomwe ndi limodzi mwa maboma 28 a m'Malawi. Ndiponso limatanthauza malo pamene pali maofesi a deralo, monga pa boma pa Dedza. Komabe pachiyambi liwuli linalibe tanthauzo lililonse mwa atatuwa.

M'Chiswahili, kumene linachokera, boma ndi mpanda wa mitengo kapena wa minga wotchinjiriza mudzi, khola la ng'ombe kapena msasa wa anthu apaulendo. Azungu amene ankayenda ndi amtengatenga a ku Zanzibar, monga Henry Morton Stanley, anali atalilemba kale m'mabuku awo m'zaka za m'ma 1870, Angerezi asanayambe kulamulira dera lino, ndipo ichi chokha chikukwanira kutsutsa nkhani yofala yakuti liwuli ndi chidule cha British Overseas Military Administration, nkhani yokoma m'khutu koma yopanda umboni.

Chofunika kuchilingalira n'chakuti Achewa sanasowe liwu lawolawo la mpanda wankhondo. Anali ndi linga, dzina limene mpaka lero anthu amaitanira nalo Nkhotakota, ndipo pa nthawi ya nkhondo za Angoni midzi yambiri ya m'chigwa cha Lilongwe inkadalira malinga kapena mapiri, monga anachitira anthu a Mfumu Mazengera amene amishoni a Dutch Reformed anawapeza paphiri la Nkhoma pamene ankakhazikitsa mishoni mu 1896. Liwu lachilendo linapeza malo chifukwa mpanda umene linkatchula unali wa mlendo. Harry Johnston atayamba kukhazikitsa ulamuliro wa Angerezi mu 1891, malo ake oyamba anali misasa yotchingidwa, yolonderedwa ndi Asikh a ku India pamodzi ndi asilikali a ku Zanzibar ndi Amakua, ndipo liwu loti asilikali nalonso linadzera njira yomweyo kuchokera ku askari. Mzungu wokhala m'kati mwa mpandamo poyamba ankatchedwa Collector, kutanthauza wotolera msonkho, dzina loulula bwino ntchito imene anabwerera. Lilongwe itakhala likulu la dera mu 1904, midzi ya kumwera inayamba kudziwa boma ngati malo kumene kunkachokera amesenjala, kumene kunkapita ndalama za msonkho wa nyumba, ndi kumene milandu ikuluikulu inkaweruzidwa. Pang'onopang'ono dzina la mpanda linasamukira kwa anthu a m'katimo, kenaka ku mphamvu zawo, kotero kuti mpandawo utagwa dzinalo linatsala. Bungwe la Native Tobacco Board, limene linakhazikitsidwa mu 1926 kuti lizilemba alimi a fodya ndi kuyang'anira misika yawo, ndi lamulo la 1933 limene linapatsa mafumu ena udindo wothandiza atsamunda kulamulira, zinachititsa kuti boma lifike m'munda ndi pabwalo la mfumu, kutali ndi ofesi ya DC.

Kumaiko ena liwuli linatsata njira zina. Ku Zambia limatanthauza monga kuno, ulamuliro ndi likulu la dera. Ku South Sudan ndi chigawo chaching'ono kwambiri cha ulamuliro, chimene chili pansi pa chigawo chotchedwa payam. Ku Kenya ndi ku Tanzania likadali mudzi wa banja ndi khola lake, makamaka ponena za Amasai. Pamene ku South Africa ndi mpanda wosungiramo nyama zakutchire zogwidwa, kapena bwalo lotchingidwa pamene alendo okaona nyama amadyera akuothera moto.

Kumwera kwa Lilongwe kuli kusiyana kwina kumene kunadza likulu la dziko litasamuka ku Zomba mu 1975. Munthu wa ku Ntcheu kapena ku Dowa amati akupita ku boma, koma wa ku Nathenje akakwera minibasi pamsewu wa M1 amati akupita kutauni, pakuti mzinda unameza boma lakale, ndipo tanthauzo lachitatu lija linafooka kuno kusiyana ndi kwina. Limene silinafooke ndi ganizo lakuti boma ndi chinthu chakunja kwa mudzi, n'chifukwa chake mjigo kapena mlatho ukangotchedwa wa boma kawirikawiri umasowa mwini wousamala. Lamulo la maboma ang'ono la 1998 linafuna kusintha maganizo amenewa posamutsira mphamvu ku makhonsolo ndi ku makomiti a chitukuko a m'midzi, koma m'kalankhulidwe ka anthu boma likadali iwo, osati ife.