Kuchokera pa kabuku ka ku positi kufika pa *626#

Pamene fakitale ya nsalu ya David Whitehead inkatsegulidwa ku Makata mu 1967, Carlsberg n'kutsatira mu 1968, ambiri mwa anthu amene ankalawirira kuchokera ku Ndirande kukagwira ntchito kumeneko anali asanapondepo m'banki. Malipiro ankalandirira pamanja, mu envulopu. Wofuna kusungako pang'ono ankapita ku positi ofesi, komwe kalaliki ankalemba m'kabuku n'kudinda. Kabukuko sikankabisa kanthu: zalowa zakuti, zatuluka zakuti, zatsala zakuti.

Barclays ndi Standard anali mabanki a makampani, eni maesiteti ndi amalonda akuluakulu. Mafomu anali m'Chingerezi, makalata m'Chingerezi, ndipo munthu wovala ovolosi ankaopa ngakhale kufunsa kwa mlonda wa pakhomo.

Chaka cha 1971 chinasintha zambiri. Mu February, Reserve Bank of Malawi inabweretsa kwacha m'malo mwa paundi, ndipo dziko lonse linayenera kumva chinthu chimodzi nthawi imodzi: paundi ndi makwacha awiri, sheleni ndi matambala 10. Wailesi inali imodzi yokha, ya MBC, choncho aphunzitsi, eni magolosale ndi makondakitala a basi anasanduka omasulira. Chaka chomwecho Barclays ndi Standard anaphatikizana n'kupanga National Bank of Malawi.

M'kati mwa mabankimo uthenga unkayenda mwaulesi. Akaunti inali ya nthambi imene munthu anatsegulira, chifukwa buku lake linali komweko. Nthambi zinkamvana pa kalata, telefoni ndi teleksi, ndipo cheke chochokera ku Mzuzu chinkadikiritsa mwini wake masiku. Makompyuta atalumikiza nthambi vutoli linachepa, ndipo kuyambira mu 2015 National Switch inalola kuti khadi la banki ina ligwire ntchito pa ATM ya banki inzake.

Amene anayamba kufunafuna munthu wamba ndi obwera pambuyo. Opportunity International Bank of Malawi, yomwe inatsegulidwa mu 2003, inkazindikira kasitomala ndi chidindo cha chala, ndipo inkatumiza magalimoto a banki m'misika. Mayi wogulitsa tomato wosatha kusaina anapeza polowera. New Building Society inasanduka NBS Bank mu 2004. Kenako foni inalanda bwalo: Airtel Money mu 2012, TNM Mpamba mu 2013, ndi manambala monga *626# a National Bank. Lero wogwira ntchito ku Makata amadziwa kuti malipiro alowa foni ikalira m'thumba, asanaweruke n'komwe.

Komatu kufulumira kwa uthenga sikunabwere ndi kumveka kwake. Mauthenga ambiri a mabanki amabwerabe m'Chingerezi chodzaza ndi zidule. Munthu amaona kuti ndalama yadulidwa, koma yadulidwiranji, alibe womuuza. Wotenga ngongole ya pamalipiro amasaina masamba angapo osamva kuti chiwongoladzanja chidzakwera liti. N'chifukwa chake ambiri ku Bangwe ndi ku Machinjiri amadalirabe banki m'khonde, komwe ndalama zimawerengedwa mokweza aliyense akuona.

Mpatawo akuba anauona msanga. Uthenga wawo wakuti ndalama ija mutumize pa nambala iyi umabwera m'Chichewa chosalala, ndipo ena amaimba ngati ogwira ntchito kubanki n'kupempha nambala yachinsinsi. Mabanki amachenjeza pa wailesi ndi pa Facebook, koma kawirikawiri chenjezo limafika anthu atalira kale.

Mu November 2023, Reserve Bank itagwetsa kwacha ndi 44 peresenti, dola n'kufika pa K1,700, kalata yake inali m'Chingerezi. Ambiri ku Ndirande anamvetsa tanthauzo lake atafunsa mtengo wa shuga ndi mafuta ophikira.

Mabanki a m'Malawi anakwanitsa kufika m'thumba la wantchito. Chimene chatsala n'chosavuta ndipo n'chotsika mtengo: uthenga uliwonse wa ndalama yodulidwa ndi pangano lililonse la ngongole zilembedwe m'Chichewa, m'Chitumbuka ndi m'Chiyao, ndipo wa pakauntala afotokoze kasitomala asanagwire cholembera.