Ogula ndi Olima: Mbiri ya Malonda a Mpunga ku Nkhotakota

 Mpunga wayamba kucha, ndipo posachedwa magalimoto a ogula ayamba kuima m'midzi mwanu. Ena adzabwera ndi sikelo yokha. Ena adzabwera ndi pepala la pangano, nafuna kuti a mfumu adindepo chala m'malo mwa mudzi wonse. Musanadinde, tiyeni tikumbutsane m'mene mpunga wa kuno wakhala ukugulidwira kuyambira kale, ndi pamene mlimi ankakhala wogulayo akamatchula mtengo.

Wogula wamkulu woyamba anali Jumbe. Salim bin Abdallah anafika kuno m'zaka za m'ma 1840 kuchokera ku nyanja ya mchere, nakhazikika pa Linga. Malonda ake anali minyanga ndi anthu, ndipo palibe chifukwa chowakometsera. Zombo zinali kuoloka nyanja, ulendo nupitirira pansi mpaka ku Kilwa. Koma khamu la asilikali, amalinyero ndi akapolo lisowa chakudya, chotero madambo a kuno anayamba kulimidwa mpunga. Akuluakulu amati Faya wathu wonunkhira uja anabwera ndi anthu a Jumbe. Masiku amenewo mlimi analibe mau. Wokhala ndi mfuti ndiye anali kutchula.

Mu 1889 Harry Johnston anapangana pangano ndi Jumbe, ndipo pofika 1895 ulamuliro wa a Jumbe unali utatha, womaliza atatengedwa kupita ku Zanzibar. Tsono wogula anakhala Boma la Angerezi, pakuti linafuna mpunga wodyetsa asilikali ndi antchito ake. Boma linali kulandira mpunga m'malo mwa mashilingi atatu a msonkho wa nyumba. Minda inakula ndithu. Koma taganizani: kodi munthu wolima kuti angoombola msonkho adzavutika kupeta bwino kapena kusankha mbeu? Iai. Iye afuna dengu lidzale, kalaliki alembe chiphaso, basi. Wogula sanafunse chimene chikumuvuta mlimi, ndipo mlimi sanadziwe kumene mpunga wake unali kukadyedwa.

Pambuyo pake inadza nyengo ya mabungwe. Lamulo la makopaletivu linakhazikitsidwa mu 1946, ndipo kuno mpunga unali kugulidwa ndi bungwe lochedwa Kota Kota Produce and Trading Society. Njala ya 1949 inachititsa Boma kugwira malonda a zokolola ndi manja awiri. Mu 1956 mabungwe ogula fodya, thonje ndi chimanga anaphatikizidwa kukhala limodzi, mu 1962 linasanduka Farmers Marketing Board, ndipo mu 1971 linakhala ADMARC. Pofika apo mpunga nawo unali m'manja mwa wogula mmodzi.

Ambiri a inu mukuikumbuka nthawi imeneyo, ndipo ena mumailakalaka. Sindikutsutsani konse. Msika unali pafupi, mbeu ndi feteleza zinali pomwepo, ndalama zinali za pamanja. Komatu mtengo unali kutchulidwa kamodzi pa chaka, ndi anthu okhala mu ofesi kutali, ndipo unali umodzimodzi dziko lonse. Mvula ivute, madzi a Bua asefukire, mbalame zithe theka la munda, mtengo ndi womwewo. Phindu lalikulu limene bungwe linapeza pa alimi ang'onoang'ono m'zaka za m'ma 1970 linakalowa ku maesiteti ndi ku makampani ena. Mlimi wosamala ndi mlimi wosasamala anali kusiyana pang'ono pokha pa sikelo.

Mu 1987 Boma linalola amalonda wamba kugula zokolola. Ogula anachuluka, koma ambiri anali a tsiku limodzi: lero ali pano ndi ndowa yawo yotupa m'mimba, mawa simudzawaonanso. Ena amafika mu Febuluwale, nthawi imene m'nkhokwe mulibe kanthu, nagula mpunga ukadali m'munda pa mtengo wa njala. Wogula wakale anali wouma khosi, koma tinali kudziwa pakhomo pake. Watsopanoyu afewa pakamwa, koma alibe pakhomo.

Tsono tiyeni tipite ku Dwangwa, pakuti kumeneko kuli phunziro lina. Bungwe la alimi ang'onoang'ono a nzimbe linakhazikitsidwa mu 1978, fakitale ya shuga inayamba kugaya mu 1979, ndipo kampani ya Illovo inaitenga mu 1997. Nzimbe siziri ngati mpunga, woti mungausunge m'thumba miyezi isanu ndi umodzi. Zikatenthedwa ndi kudulidwa, shuga wa m'kati amayamba kuchepa, chotero ziyenera kufika pa fakitale m'masiku awiri kapena atatu. Ndipo mlimi amalipidwa poyesa shuga amene ali mu nzimbezo, osati kulemera kwake kokha. Chifukwa cha ichi fakitale ndi alimi sangathe kulankhulana kamodzi pa chaka. Ayenera kugwirizana munda umene utenthedwe lero, odula akhale angati, mathirakitala afike nthawi yanji; makina akaonongeka, uthenga uthamange kuti moto usayatsidwe. Sindikunena kuti ku Dwangwa kulibe madandaulo. Milandu ya malo ndi ya ndalama zodulidwa pa malipiro mwaimva nonse. Koma pa nkhani ya kuuzana msanga, mbeu yeniyeniyo inawakakamiza kuphunzira chimene ife a mpunga tikuchedwa nacho.

Nzeru imeneyi iri ndi mbiri yake kunja. M'zaka za m'ma 1950 kampani ya magalimoto ya Toyota ku Japan inalibe ndalama zounjikira zitsulo m'nyumba zosungiramo katundu. Mkulu wina wa pa fakitale, Taiichi Ohno, anakonza kuti chitsulo chizibwera pamene chikufunika, pang'onopang'ono, ndipo m'kupita kwa zaka osula zitsulozo kunja kwa kampani analowa nawo m'dongosololo. Chitsulo chikabwera chopindika, cholakwacho chinali kudziwika msanga, zisanasulidwe zina zikwi zambiri. Mu 2001 anthu 17 olemba mapulogalamu a makompyuta anakumana ku Snowbird, m'dera la Utah ku America, nagwirizana njira yofanana nayo imene anaitcha Agile. Mutu wake ndi wakuti ntchito igawidwe m'zigawo zazifupi, wogula aone chigawo chiri chonse, anene maganizo ake, ndipo pangano lisinthe zinthu zikasintha. Pambuyo pake makampani ena anaitengera ku maofesi awo ogula katundu. Dzinalo lisakuopseni. Mai wophika mowa amene amalawitsa mnzake chipanda chimodzi asanagulitse mbiya yonse akuchita zomwezo.

Ndikuuzeni zimene ndinaona ndi maso anga pa ntchito yanga ya ulangizi. Kalabu ina inalemberana pangano ndi wogula wa mu mzinda kuti idzampatsa Kilombero wokhawokha. Analemba mu Disembala, ndipo wogulayo sanaonekenso mpaka Julayi. Atabwera ndi lole yake anapisa dzanja m'matumba napeza kuti muli Faya wosakanizika, pakuti alimi ena anafesa mbeu yopemphana. Anakana katundu yense. Alimi anati wawabera, iye anati amunamiza. Kunena zoona, ngakhale ine ndinalakwapo, chifukwa nazale ndinaziona koma sindinafunse kumene mbeu inachokera. Wogulayo akanabwera nthawi yowokera, kapena mpunga ukuchita ngala pamene mitundu iwiriyi imaonekera kusiyana, tikanazula wachilendoyo.

Chaka chotsatira kalabu yomweyo inapeza wogula wina, mai wa chigayo chake. Iye anati, "Ndipatseni matumba khumi okha ndikayese." Pasanathe sabata anabweranso ndi mbale ziwiri, ina ya mpunga wathunthu, ina ya wosweka, naziika pamaso pa a mfumu. Wosweka unali wambiri. Tinafufuza pamodzi, ndipo tinapeza chifukwa: alimi anali kuchedwa kumweta, mpunga numauma kwambiri m'munda, usiku mame numaunyowetsanso, chotero njere zinali kung'aluka m'kati zisanafike n'komwe ku chigayo. Minda yotsala inamwetedwa msanga niyanikidwa pa mphasa, moitembenuza. Matumba a ulendo wachiwiri anatuluka bwino, ndipo maiyo anaonjezera mtengo pa thumba liri lonse popanda wina kumukakamiza, pakuti naye anali kupindula. Pepala lawo linali la tsamba limodzi, ndipo analisintha kawiri nyengo isanathe.

Tsono inu mafumu, wogula akabwera ndi pangano, mfunseni kuti adzabwera kangati kumunda tisanakolole. Akati adzabwera pa tsiku lonyamula lokha, mudziwe kuti mlandu wa Kilombero uja ukudza. Mpempheni ayambe ndi matumba owerengeka, alipire pomwepo, abwere ndi mau a m'mene mpungawo watulukira ku chigayo. M'pepalamo mulembedwe tsiku lokhalanso pansi, milungu iwiri iri yonse nthawi ya kukolola, ndiponso chimene chidzachitike mtengo wa pa msika ukakwera kapena kutsika. Ndipo inunso alimi, njira imeneyi iri ndi mbali yake yowawa. Wogula amene wayenda maulendo atatu kudzaona munda wanu musamuthawe usiku chifukwa venda waonjeza ndalama pang'ono pa kilo. Mukaona kuti simukwanitsa matumba amene munalonjeza, muuzeni mwezi ukadalipo, lamya muli nazo m'matumba mwanu. Musathire mchenga kapena mankhusu pansi pa thumba, pakuti wogula wobwerabwera amadziwa thumba la munthu ali yense.

Za sikelo, kalabu iri yonse ikhale ndi yake, ndipo thumba la makilo 50 liyesedwe pa sikelo zonse ziwiri anthu akuona, lisanakwere galimoto. Sabata ya mawa nthawi yomwe ino tidzakamba za kuyanika mpunga ndi kudziwa kuti wauma mokwanira poluma njere. Tsalani bwino.