Doctor Anapha, Anaphetsa Kapena Analekerera?

Okonda sewero la pa kanema la Doctor Who, limene BBC inayamba kuonetsa pa 23 November 1963, ali ndi mkangano wosatha. Ngwazi yawo, Doctor, mlendo wa ku dziko la Gallifrey woyenda m'chombo chotchedwa TARDIS, amapulumutsa maiko, koma kumene wadutsa kumatsala maliro. Ena amati ndi mpulumutsi, ena amati n'chigawenga chaulemu. Kumuweruza ndikusiyira eni sewero. Changa n'chakuti mkanganowu tikaubweretsa m'Chichewa, funso lake lisamveke motere: "Kodi Doctor ali ndi udindo pa imfa za anthuwo?"

Chimenecho n'Chingerezi chovala chitenje. Kwathu udindo ndi ntchito imene munthu wasenza, monga ya mfumu, ya nkhoswe kapena ya mwinimbumba. Amene ali ndi udindo pamaliro ndi adzukulu okumba manda. Wochititsa malirowo ali ndi mlandu. Matenda osokoneza udindo ndi mlanduwa afika ndi m'nkhani za pa wailesi, mmene timamva kuti gulu lakuti "latenga udindo" pa chiwembu, pamene langovomera kuti ndilo lapalamula.

Chomvetsa chisoni n'chakuti chinenero chathu chimalekanitsa bwino zimene mawu obwerekawo amaunjika pamodzi. Taonani. Mu 1975, m'nkhani ya Genesis of the Daleks imene analemba Terry Nation, Doctor woseweredwa ndi Tom Baker wagwira mawaya awiri. Akangowagunditsa, mtundu wankhanza wa ma Dalek uthera pomwepo usanakule. Iye akuzengereza, akudzifunsa ngati ali ndi ufulu wotero. Ma Dalek anapulumuka nasakaza maiko. Pamenepo Doctor sanaphe munthu. Omutsutsa anene kuti analekerera, ndipo kulekerera nako ndi mlandu, funsani kholo lililonse.

Seweroli litabwerera mu 2005, Doctor wa Christopher Eccleston anaulula kuti pothetsa nkhondo ina anawononga ma Dalek pamodzi ndi anthu a mtundu wake. Apa mneni ndi mmodzi basi: anapha. (Mu 2013 olemba anatembenuza nkhani, akuti Gallifrey anangoibisa, ndipo ena anadandaula kuti amufufutira mlandu mwachinyengo.)

Nanga anzake apaulendo, monga mnyamata Adric amene anafa mu 1982? Doctor sanamukhudze n'chala chomwe. Koma tili ndi kachidutswa kakang'ono, "-ets-", kamene kamagwira munthu wotere pakhosi: anaphetsa. Wokana akane, koma akudziwa chimene akukana.

Pamene mkangano umatentha zedi ndi pa Donna Noble, mnzake wina wapaulendo. Mu 2008 Doctor wa David Tennant anamufufuta m'mutu zonse za maulendo awo kuti asafe, mayiyo akulira, akukana. Wina akati Doctor "analakwitsa", ndiye kuti anaphonya, monga mwana pa masamu, ndipo omuikira kumbuyo ayankha msanga kuti sanaphonye, pakuti Donna anakhala ndi moyo. Akati "analakwa", tikhalira kukokana mpaka mawa. Koma "anamulakwira" amaloza mwini kulakwiridwa, amene anati ayi koma osamveredwa. Munthu angathe kukupulumutsa n'kukulakwira nthawi imodzi, ndipo ndikuganiza kuti n'zimene Doctor anamuchita Donna.